Kulipirira pulasitiki amene kampani yatulutsa: lipoti la zomwe zachitika ku Philippines

Mu Ogasiti 2020, kampani ya Nestlé ku Philippines inalengeza kuti pulasitiki amene inatolera m'dzikomo anafanana kulemera ndi pulasitiki amene inakutira katundu wake potumiza kumsika. Inadzitcha "plastic neutral". Nthawi imeneyo palibe amene ankaikakamiza. Koma pofika mu Julaye 2022, dzikolo linali ndi lamulo lokakamiza makampani onse akuluakulu kuchita zofananazo, ndipo lero kuli msika weniweni kumene kampani imalipira ena kuti atolere zinyalala za pulasitiki m'malo mwake, n'kupatsidwa chikalata chonena kuti matani akutiakuti atoledwa m'dzina lake.

Ntchito yanga ndi yolumikiza makampani ndi magulu a anthu otolera zinyalala m'matauni: kugwirizana za mtengo, za sikelo, za kaundula, ndi za komwe katunduyo akathere. Masiku ano mabwana a makampani, makamaka ogulitsa katundu kunja ndi olandira alendo ochokera kunja, ayamba kufunsa ngati nawonso angalipire kuti pulasitiki wawo asawerengedwenso pa iwo. Ndalemba lipotili kuti ndiwayankhe ndi nkhani ya dziko limene layenda kale njirayi mpaka kuilowetsa m'malamulo. Maganizo anga ndiwaneneretu. Ndalama zoterezi n'zofunika, ndipo ndimalakalaka zitafika kwathu kuno ku Malawi zochuluka. Koma chimene kampani imagula ndi ntchito yotolera basi, ndipo kuti ntchitoyo ikhale ya phindu zimadalira zinthu zimene chikalata sichionetsa msanga: komwe pulasitikiyo wakathera, ngati akanatoledwabe popanda ndalamazo, ndi ndalama zimene zalowa m'thumba la wotolera.

Dziko la masacheti

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,000 ndi anthu oposa 100 miliyoni. Ambiri mwa anthuwa amadya zimene apeza tsiku lomwelo, choncho amagula zinthu pang'onopang'ono: shampu wosambira kamodzi, khofi wa kapu imodzi, sopo waufa wochapira lero lokha. Zonsezi amazigula m'timaokala ta m'makwalala totchedwa sari-sari, ndipo zimabwera m'masacheti. Mu 2019 bungwe lomenyera chilengedwe la GAIA litawerenga zinyalala za m'makomo m'madera angapo, linayerekeza kuti dzikolo limagwiritsa ntchito masacheti oposa 160 miliyoni tsiku lililonse.

Vuto la sacheti lili pa kapangidwe kake. Ukaing'amba umaona kuti m'kati ndi monyezimira. Ndi timapepala tingapo ta mitundu yosiyana ya pulasitiki, nthawi zambiri pamodzi ndi aluminiyamu, tomatidwa pamodzi kuti chinyezi ndi mpweya zisalowe. Kuzilekanitsanso n'kovuta ndipo n'kodula, motero fakitale yosungunula pulasitiki siifuna. Chimene fakitale sifuna, wogula zinyalala sagula. Chimene wogula sagula, wotolera amachilumpha. Mvula ikagwa chimalowa m'ngalande, kenako mumtsinje, kenako m'nyanja. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2021 anaika Philippines patsogolo pa maiko onse pa pulasitiki wolowa m'nyanja kudzera m'mitsinje, ndipo mtsinje wa Pasig, umene umadutsa mu Manila, ndiwo unali woyamba pa mndandandawo.

Si kuti malamulo kunalibe. Mu Julaye 2000 phiri la zinyalala linagumuka kumtaya wa Payatas, ku Quezon City, n'kukwirira nyumba za anthu okhala m'munsi mwake, ambiri mwa iwo otolera zinyalala. Anthu oposa 200 anafa. Patangopita miyezi yochepa dzikolo linakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka zinyalala, Republic Act 9003, lolamula kuti dera lililonse, limene iwo amati barangay, lizisiyanitsa zinyalala ndi kukhala ndi malo osankhira zoti n'kugwiritsidwanso ntchito. Lamulolo linalembedwa bwino. Chimene chinasowa m'madera ambiri ndi ndalama zoliyendetsera, ndipo mpata umenewu ndi umene malonda a makirediti a pulasitiki, zikalata zija zonena kuti matani akutiakuti atoledwa m'dzina la kampani, anabwera kudzatseka.

Mmene malondawa amayendera

Bungwe lodziwika kwambiri pa malondawa m'dzikomo ndi Plastic Credit Exchange, kapena kuti PCX, limene mayi Nanette Medved-Po anayambitsa mu 2019. Kunja kuli ena: Plastic Bank ya ku Canada, imene inayamba mu 2013 ndipo imagwiranso ntchito ku Philippines, rePurpose Global, ndi CleanHub ya ku Berlin. Kachitidwe kawo kamasiyana pang'ono, koma fupa la nkhani ndi limodzi.

Kampani imayamba ndi kuwerengera pulasitiki wake. Apa sipafunika luso lapadera, koma kuona mtima. Tiyerekeze kuti kampani yagulitsa mabotolo a madzi 1 miliyoni pachaka, ndipo botolo lililonse pamodzi ndi chivindikiro ndi lebulo likulemera magalamu 20. Ndiye kuti yatulutsa matani 20. Kuonjezera apo pali pulasitiki wokulungira mabotolo m'madazeni, ndi wina wokulungira katundu pokweza mulole. Makampani ambiri amaiwala ziwiri zomalizazi, ndipo ndikamaona chiwerengero chimene kampani yadziwerengera yokha, ndimayamba ndafunsa za zimenezo.

Ikadziwa matani ake, kampani imalipira mtengo wa pa tani. Bungwe lapakati limagawa ndalamazo kwa otolera, onyamula, osankha, ndi fakitale yolandira. Fakitale ikalandira katundu imapereka umboni wa kulemera kwake, wofufuza mabuku wosakhala mbali amatsimikiza, kenako kirediti imalembedwa m'kaundula m'dzina la kampaniyo kuti isagulitsidwenso kwa wina. Pulasitiki wotoledwayo sakhala wa kampani yolipirayo ayi. Akhoza kukhala wa kampani ina iliyonse, ngakhale yopikisana nayo. Chimene chimafananizidwa ndi kulemera.

Mwa zonse zimene zachitika kumeneko, chimene chimandigwira mtima ndi ntchito yotchedwa Aling Tindera, imene inayamba mu Manila mu 2020. Amayi ochita geni m'timaokala tija amapatsidwa kontena yosungiramo, chipangizo chopanikizira pulasitiki kuti akhale mabelo, ndi mpamba woyambira. Anthu a m'deralo amabwera ndi pulasitiki wawo, masacheti omwe, n'kugulitsa pa kilogalamu. Mayiyo amasonkhanitsa, katundu akachuluka galimoto imabwera kudzatenga, iye n'kupeza kake. Nzeru yake ndi yakuti mayi wa paokala amadziwana ndi aliyense, amakhala pamalopo tsiku lonse, ndipo masacheti ambiri anachokera pazenera lake lomwelo. Sacheti imene inalibe mtengo yapeza mtengo, ndipo mtengowo ukuchokera m'thumba la kampani, osati la khonsolo.

Pa dziko lonse, bungwe la Verra la ku Washington, lomwe limadziwika ndi makirediti a mpweya wa kaboni, linatulutsa ndondomeko yake ya pulasitiki mu Febuluwale 2021. Kirediti imodzi ndi tani imodzi, ndipo pali mitundu iwiri, ya kutolera ndi ya kusungunula n'kupanganso zinthu. Mu Januwale 2024 World Bank inagulitsa bondi, chikalata chobwerekera ndalama, ya madola 100 miliyoni imene phindu lake lina likudalira makirediti otere ochokera ku ntchito ziwiri, ya ASASE Foundation ku Ghana ndi ya SEArcular ku Indonesia. Ndatchula izi kuti muone kuti nkhaniyi yafika kale ku Africa.

Lamulo la 2022

Lamulo la Republic Act 11898 linasintha zinthu chifukwa linachotsa nkhaniyi m'manja mwa a zamalonda ndi zotsatsa n'kuipereka kwa a zamalamulo ndi owerengera ndalama. Limakhudza makampani amene chuma chawo chimaposa mapeso (ndalama za m'dzikomo) 100 miliyoni, osawerengera malo. Makampani ang'onoang'ono amangolimbikitsidwa, sakakamizidwa. Kampani yokhudzidwa iyenera kulembetsa ndondomeko yake ku boma, payokha, mogwirizana ndi anzake, kapena kudzera m'bungwe loimira opanga katundu, ndipo iyenera kubweza magawo 20 pa 100 alionse a pulasitiki wake pofika kumapeto kwa 2023, magawo 40 mu 2024, kenako kumakwera ndi magawo 10 chaka chilichonse mpaka kufika 80 mu 2028. Chindapusa chimayambira pa mapeso 5 miliyoni mpaka 20 miliyoni, ndipo wolakwa kachitatu amaimitsidwa chiphaso cha bizinesi.

M'lamuloli muli mfundo imodzi imene ndimaitamanda kwambiri: pulasitiki wolimba amabwezedwa ndi wolimba mnzake, wofewa ndi wofewa mnzake. Kampani ya masacheti singatolere mabotolo kapena zigubu n'kunena kuti yamaliza. Popanda mfundo imeneyi, aliyense akanathamangira mabotolo, amene ndi olemera, osavuta kutola, ndipo ali ndi msika kale, masacheti n'kutsala m'ngalande momwemo.

Mulinso chofooka chachikulu. Manambala okakamiza onse ndi a kutolera. Kuchepetsa pulasitiki amene kampani ikupanga kwatchulidwa ngati imodzi mwa njira, koma kulibe mulingo wake. Kampani ikhoza kuchulukitsa masacheti chaka ndi chaka, bola ikulipira, lamulo silikhala nayo mlandu.

Ng'anjo ya simenti

Apa ndiye pagona nkhani. Sacheti yatoledwa, yapimidwa, yamangidwa m'belo. Ipita kuti? Tanena kale kuti fakitale yosungunula siifuna. Ku Philippines yankho lalikulu lakhala mafakitale a simenti. Pulasitiki amadulidwa tizidutswa n'kuponyedwa m'ng'anjo yowotchera miyala ya simenti, kulowa m'malo mwa gawo la malasha. Nestlé pofika pa chilengezo chake cha 2020 inadalira kwambiri njira imeneyi, mogwirizana ndi makampani a simenti monga Republic Cement. Mu 2023 atolankhani ofufuza ndi mabungwe omenyera chilengedwe ataunika makirediti a PCX anapeza kuti gawo lalikulu kwambiri linachokera ku pulasitiki wowotchedwa motere, ndipo wosungunulidwa n'kupangidwanso zinthu anali wochepa.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Ng'anjo ya simenti si moto wa padzala. Imatentha kufika madigiri pafupifupi 1,450, zinthu zimakhalitsa m'motomo, ndipo phulusa limalowa m'simenti momwemo, silitsala loti akataye. Ng'anjo ikamayendetsedwa bwino ndipo utsi ukamapimidwa, poizoni wotuluka ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuwotcha pulasitiki kuseri kwa nyumba, kumene moto wozizira umatulutsa utsi wakuda umene ana amapuma. A PCX amayankha kuti m'dzikomo mulibe mafakitale okwanira osungunula pulasitiki wamtunduwu, ndipo kuli bwino alowe m'ng'anjo kusiyana ndi kulowa mumtsinje wa Pasig. Pa mfundo yokhayo sindingatsutse.

Mbali inayo ndi iyi. Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta ndi gasi za pansi pa nthaka. Kumuwotcha ndi kuwotcha mafuta omwewo: tani imodzi ya pulasitiki wa mtundu wa jumbo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni pafupifupi matani 3. N'zoona kuti malasha ena apulumuka, koma sacheti yawotchedwayo iyenera kupangidwanso ina kuchokera ku mafuta atsopano, ndipo gudumu limangozungulira. Kachiwiri, mawu akuti "ikamayendetsedwa bwino" ndi olemera. Pulasitiki wa mtundu wa PVC, uja wopangira mapaipi, ali ndi klorini, ndipo akalowa wambiri, kapena ng'anjo ikamayatsidwa ndi kuzimitsidwa, utsi umasintha. Amene amakhala pafupi ndi fakitale alibe njira yodziwira zimene akupuma pokhapokha boma litamapima ndi kuulutsa zotsatira. Dziko la Philippines linaletsa kuwotcha zinyalala kotulutsa utsi wapoizoni m'lamulo lake la mpweya wabwino la 1999. Kuwotcha m'ng'anjo ya simenti kumaloledwa pa malamulo ena apadera, ndipo mabungwe ngati GAIA amati kumeneku n'kulowera khomo lakuseri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha mtengo. Kirediti ya pulasitiki wowotchedwa imatsika mtengo poyerekeza ndi ya wosungunulidwa, chifukwa ng'anjo sifuna kuti katundu atsukidwe kapena kusankhidwa mosamala. Lamulo likawerengera ziwirizi mofanana, bwana wa zachuma aliyense asankha yotsika mtengo, ndipo sindingamudzudzule. Zotsatira zake, munthu wofuna kumanga fakitale yosungunula amapikisana ndi ng'anjo imene ilipo kale, ndipo kampani ya masacheti imataya chifukwa chosinthira kapangidwe ka sacheti yake. Chikalata chonena kuti tani yatoledwa osanena kuti yathera kuti, ine sindichilandira.

Tani imene ikanatoledwabe

Funso lachiwiri ndi losaoneka ndi maso, koma ndi limene limasiyanitsa ntchito yeniyeni ndi kuphimba anthu m'maso. Tiyerekeze kuti wogula zinyalala wina wakhala akugula mabotolo matani 10 mwezi uliwonse kwa zaka zambiri. Kampani ikubwera, ikumupatsa ndalama, iye n'kusaina kuti matani 10 a mwezi uno ndi a kampaniyo. Chikalata chatuluka. Koma mumsewu palibe botolo ngakhale limodzi loonjezera limene latoledwa. Ndondomeko ya Verra imafuna umboni wakuti matani owerengedwawo ndi oonjezera pa zimene zinkachitika kale, ndipo n'chifukwa chake ntchito yoona imayamba ndi kulemba zimene zikutoledwa ndalama zisanabwere. Gawo limeneli ndi lotopetsa, makampani amafuna kulilumpha, koma popanda ilo palibe choyerekezera.

Masamu a kulemera amaonetsa chifukwa chake aliyense amakonda mabotolo. Botolo likamalemera magalamu 20, mabotolo 50 akwana kilogalamu. Sacheti ikamalemera galamu imodzi, pafunika masacheti 1,000 pa kilogalamu, 1 miliyoni pa tani. Munthu wowerama kutola masacheti 1,000 sangalipidwe mofanana ndi wotola mabotolo 50. Mtengo wa pa tani ukakhala umodzi pa mitundu yonse, dziwani kuti wina akudyeredwa masuku pamutu, kapena masachetiwo sakuchokera mumsewu koma ndi zotsalira zoyera za m'fakitale. Izi nazonso zimachitika m'malonda a zinyalala kulikonse: zodulidwa za m'fakitale n'zosavuta kupeza, n'zouma, ndipo m'belo zimaoneka ngati zinyalala zina zonse.

Pali kuwerengera kawiri. Gulu lotolera likhoza kugulitsa tani kwa kampani imodzi, fakitale yolandira n'kugulitsanso tani yomweyo kwa ina. Palinso madzi ndi mchenga. Pulasitiki wotoledwa nthawi ya dzinja amalemera ndi matope, ndipo kusiyana kwa kulemera kwa pamalo otolera ndi kwa pafakitale katundu atasankhidwa kumakhala kwakukulu. Tani yoyenera kulembedwa pa chikalata ndi ya pafakitale. Koma wotolera asalangidwe chifukwa cha mvula. Kusiyanako kulowe mu mtengo umene kampani ikulipira.

Wotolera

Ndalama ikachoka ku kampani imadutsa m'manja ambiri: bungwe lapakati, ofufuza mabuku, eni kaundula, eni galimoto, eni malo osungira. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka chotengerapo kake. Wotsiriza kulandira ndi amene anayamba ntchito, mayi kapena mnyamata amene walowa m'ngalande wopanda magolovesi. Amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda akudziwa mmene zimakhalira sikelo ikakhala ya wogula, mtengo n'kukhalanso wa wogula.

Choncho pofufuza ntchito ya makirediti, funso langa loyamba kwa bungwe lapakati ndi lakuti: pa ndalama za tani imodzi, zingati zikufika kwa wotolera? Bungwe loona limayankha ndi nambala. Lina limayankha ndi zithunzi za amayi akumwetulira atavala mayunifolomu. Funso lachiwiri ndi la nthawi. Kampani ikagula makirediti chaka chino chokha, gulu la otolera limalemba anthu, limachita lendi malo, anthu a m'dera amazolowera kusunga pulasitiki, kenako chaka chamawa ndalama zaima, mabelo aunjikana, ndipo anthu amene anakhulupirira amabwerera kuwotcha atakhumudwa. Ubwino waukulu wa lamulo la ku Philippines uli pomwepa: popeza kampani iyenera kulipira chaka chilichonse ndipo mulingo ukukwera, wotolera ndi mwini fakitale akhoza kukonza za mawa.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakhala ndipo amawaona anthu okoka matrole a zinyalala m'misewu ya Johannesburg m'mamawa, anayenda njira ina. Mu 2004 makampani a mabotolo a PET, pulasitiki wa mabotolo a madzi ndi zakumwa, anapanga bungwe la PETCO. Amasonkha ndalama pa tani iliyonse ya pulasitiki wopangira mabotolo, ndipo ndalamazo zimathandizira mafakitale osungunula kuti azigulabe mabotolo ngakhale mtengo wa pulasitiki watsopano utatsika. Mabotolo otoledwa anakwera kuchoka pa magawo 16 pa 100 alionse mu 2005 kufika poposa 60 zisanathe zaka 15. Kuyambira mu Meyi 2021 kusonkhaku ndi lamulo, ndipo lamulolo limanena kuti otolera olembetsedwa azilipidwa ndalama ya ntchito yawo pamwamba pa mtengo wa katundu, mfundo imene mabungwe awo monga African Reclaimers Organisation anaimenyera ndipo akumenyerabe kuti ikwaniritsidwe. Kusiyana kwake ndi Philippines n'kwakuti ndalama za PETCO zinamanga msika wa chinthu chimene chimasungunulika. Botolo limabwerera kukhala botolo kapena ulusi. Sacheti ilibe mwayi umenewo.

Zimene kampani ya kwathu ingatengepo

Kafukufuku wa mu 2019 amene bungwe la Lilongwe Wildlife Trust linachita anayerekeza kuti Malawi imapanga pulasitiki matani 75,000 pachaka, ndipo magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Makhonsolo amatolera gawo chabe la zinyalala za m'mizinda kupita nazo ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe. Zotsala zimathera m'maenje, m'moto, ndi m'mitsinje ngati Mudi ndi Lilongwe. M'makomo ambiri jumbo ndiye poyatsira mbaula. Malo oti ndalama za makampani zigwire ntchito ndi aakulu zedi.

Choyamba chimene ndimauza bwana aliyense n'chakuti pali pulasitiki amene salipiririka. Malamulo a 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala amene kukhuthala kwake sikukwana mamaikironi 60, Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu Julaye 2019, ndipo ngakhale nkhaniyi inabwererabwerera kukhoti pambuyo pake, chiletso ndi chiletso. Mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi, imene kwa iwo inayamba ndi mbuzi za alimi zimene zinkafa zitadya majumbo. Kampani imene ikugwiritsabe ntchito pulasitiki woletsedwa isabwere kudzafunsa za makirediti.

Kenako tione chimene chili ndi msika kale. Kwathu botolo lopanda kanthu si chinyalala msanga: limathiridwa thobwa, mafuta ophikira, parafini, ndipo ana amalitola n'kugulitsa. Mabeseni osweka, ndowa ndi zigubu zakutha zili ndi ogula awo amene amapita nazo kumafakitale. Kampani ikaika ndalama zake pamenepo, mwayi ndi waukulu woti ikulipirira zimene zinkachitika kale. Zosatoledwa ndi zofewa: timapepala ta mafirizi, tokutira zokhwasula, ta sopo waufa, ndi mabotolo ophwanyika amene sangathiridwenso kanthu. Kampani yotulutsa zofewa ilipirire zofewa, monga lamulo la ku Philippines linenera, ngakhale mtengo wake ndi wowawa. Ndipo galimoto yoyamba isananyamuke, pakhale kalata ya wolandira katunduyo, yonena chimene akachite naye. Kusonkhanitsa masacheti m'nyumba yosungira popanda kodziwika kopita ndi kungosamutsa mtaya. Ngati kopita kokhako ndi kumtaya wa khonsolo, zinenedwe choncho poyera. Kuchotsa pulasitiki mumtsinje n'kumuika kumtaya ndi ntchito yothandiza, koma si kumupanganso chinthu china.

Ntchito ichitike m'dera limene katundu wa kampaniyo amagulitsidwa. Kugula makirediti a ku Indonesia pamene timapepala tanu tatseka ngalande za ku Ndirande kukhoza kukhutiritsa wogula wa ku London, koma madzi a mvula adzasefukirabe m'nyumba za anthu a ku Ndirande. Khonsolo ndi bungwe la boma loona za chilengedwe la MEPA adziwitsidwe kuyambira pachiyambi, ndipo anthu amene akutola kale m'deralo akhale oyamba kulembedwa, osati kubweretsa achinyamata atsopano ovala bwino n'kuwalanda ntchito akuluakulu amene akhala akuichita popanda wowathokoza.

M'mgwirizano umene ndimalemba mumakhala mtengo wa pa kilogalamu wa wotolera, wolembedwa pachikwangwani pamalo opimira kuti aliyense auone. Sikelo yoyesedwa ndi a boma, imene wotolera amawerenga yekha. Lisiti pa katundu aliyense. Malipiro a tsiku lomwelo, pamanja kapena pafoni. Magolovesi, nsapato ndi zotchinga kukamwa zogulidwa ndi kampani. Ndiponso zaka zosachepera zitatu, kuti gulu lithe kuchita lendi malo ndi kugula chipangizo chopanikizira mopanda mantha. Ndimaonjezera ndime imene ku Philippines anaisiya: kampani ilembe kuchuluka kwa pulasitiki amene ikutulutsa pa katundu aliyense wogulitsidwa, ndi mulingo umene ikufuna kutsikira chaka chilichonse, kaya pochepetsa zokutira, kusintha sacheti kuti ikhale ya mtundu umodzi wa pulasitiki, kapena kubwerera ku mabotolo obweza ndi makreti, amene ogula a kuno anawazolowera kalekale.

Pa zolemba pakatundu ndi m'zotsatsa, ndimakana mawu akuti "plastic neutral", chifukwa wogula akawawerenga amaganiza kuti paketi ili m'manja mwakeyo yasamalidwa kale, chonsecho ikhoza kukathera m'ngalande madzulo omwewo. M'malo mwake kampani ilembe manambala anayi m'lipoti lake la pachaka ndi pa tsamba lake la pa intaneti: matani amene yatulutsa, matani amene yalipirira kuti atoledwe ndi dera lake, mmene matani otoledwawo agawikira pakati pa osungunulidwa, owotchedwa ndi okwiriridwa, ndi ndalama zonse zimene zalipidwa kwa otolera. Buku la malisiti likhale lotseguka kwa khonsolo ndi kwa atsogoleri a gulu la otolera nthawi iliyonse imene alifuna.